Magawo Asanu ndi Anayi

A Kapalamula analowa ndi botolo la madzi a pampopi,
batire la galimoto lobwereka kwa makaniko wa ku Mchesi,
ndi mawaya awiri osendedwa kumapeto ngati nzimbe.
Anati lero tiphwasula madzi.
Tinaseka. Madzi amatayika, amaphwa,
amasiya kutuluka sabata yathunthu ku Kawale kuno,
koma kuphwasuka ngati njinga?

Thovu linayamba kukwera m'timachubu tiwiri.
Kamodzi kanadzaza msanga, kawiri kuposa kanzake.
Wothamangayo, anatero, ndi haidulojeni.
Amatenga malo ambiri,
koma mukamuika pasikelo
mudzamumvera manyazi.

Ndi choko chotsala ngati dzino la mwana analemba:
pa galamu imodzi ya haidulojeni
pali magalamu asanu ndi atatu a okosijeni.
Kaya ndi madzi akuda oyenda pansi pa mlatho wa kumsika,
mukawasefa,
kaya ndi a m'botolo omwe mabwana amamwa pamisonkhano,
kaya misozi, mukaichotsa mchere,
muyeso ndi womwewo.
Sulandira chiphuphu.

Funso lotengera kunyumba:
magalamu makumi anayi ndi asanu a madzi aphwasuka,
aliyense wachoka ndi angati?

Usiku magetsi anazima monga mwa nthawi zonse.
Ndinaluma tochi ya foni,
kope pa sutikesi, poti tebulo kulibenso.
Limodzi kuphatikiza asanu ndi atatu,
magawo asanu ndi anayi.
Ndigawe makumi anayi ndi asanu pa magawo amenewo:
gawo lililonse, magalamu asanu.
Haidulojeni atenge asanu ake azipita.
Okosijeni atsale ndi makumi anayi.
Ndinaphatikizanso kuti ndione.
Zinakwana ndendende. Palibe chinasowa,
ngakhale kadontho.

Loweruka lija ankhoswe anakhala pakhonde
ndi kope lawo, nawonso.
Bambo: tebulo, wailesi ya kanema, matiresi aakulu,
mipando itatu mwa isanu,
ndi Lonjezo, yemwe anakwera pikapu akuseka
poyesa kuti akupita kukaona ndege ku Lumbadzi.
Mayi: mapoto, makina osokera, mbaula,
ngongole ya banki m'khonde,
ndi ine.
Onse anasaina. Wina anapemphera.
Agalu a kwa aneba anathamangitsa pikapu mpaka pa ngalande.

Ndayesa kuphatikiza mbali ziwirizo
kasanu, kasanu ndi kamodzi.
Siikwana nyumba ija.
Likhweru la bambo posita malaya silili mbali iliyonse.
Kukangana kwathu polimbirana mutu wa nsomba
sikunalembedwe m'kope la ankhoswe.
A Kapalamula amati samu ikapanda kukwana
usanamize sikelo,
fufuza pamene mpweya unathawira.
Ndayang'ana malata, ndayang'ana pansi pa chitseko.
Mwina unayamba kuthawa kalekale,
ine ndikuwerenga za mayeso a sitandade eyiti.

Lolemba anandichonga ndi bolopeni yofiira,
nalemba pambali kuti wakhoza.
Ndinafuna kufunsa ngati mipweya iwiri ija
ingabwererane kukhalanso madzi.
Esnart ndiye anandifunsira, osadziwa.
Ingathe, anatero, koma pamafunika moto,
ndipo pamaphulika.
Belu linalira.

Lero mpopi wakhosomola tambala asanalire.
Mayi andidzutsa ndi phazi, tathamangira pamzere
ndi zitenje kumutu chifukwa cha mphepo ya Juni.
Ndowa yathu ndi ya malita makumi awiri,
makilo makumi awiri, ndiye kuti.
Ikudzaza pang'onopang'ono, ine ndikugawa mumtima
pa magawo asanu ndi anayi.
Sizikugawika bwino, pakutsala ziwiriziwiri zosatha.
Makilo awiri ndi kanyenyeswa ndi a wopepuka uja,
wotenga malo ambiri.
Ena onsewo ndi a mnzake.

Gwira uko, akutero mayi.
Ndagwira. Tanyamula.
Aisenza pamutu osataya dontho,
ndipo ndikuwatsata pambuyo ndi kachigubu,
ndikuwerengabe.